Usalire Maliro a Mkazi Wamoyo

Mwana wanga Zuze,

Moni ku Lizibowa, kwa Apwitikiziko. Kuno tili bwino, mayi ako akudandaula miyendo yokha. Mlongo wako Rozina akuphunzitsa ku Ulongwe, mbale wako Tomasi wagula njinga, iwe ukuimbira azungu. Ndimakunyadirani nonse.

Koma kalata yako yandisowetsa mtendere. Apadiri, ansembe a ku Fonte Boa, anandiwerengera kuti m'sewero la nthano za Agiriki umaimba ngati mwamuna woferedwa mkazi, azeze akalekale a nsambo za matumbo a nkhosa akukuthandiza kulira.

Ndinati, "Apadiri, mkazi wa Zuze, Mariya, ali ndi pakati!"

Anaseka nati, "Ndi sewero chabe, abambo."

Ine sindinaseke. Kumeneko n'kulaula. Chonde pempha akuluakulu ako kuti azilira wina mpaka Mariya atachira.

Mulungu akusungeni. Loweruka la Pasaka banja lonse tidzakumana kuno ku Lifidzi kudzapempherera Mariya. Tsiku limenelo usaimbe.

Ndine bambo ako,
Kaitano