Rozalia Alembedwe Mwana wa Yani

Lefaragatlha,
Rustenburg,
19 Januwale 1998

Okondedwa Amayi,

Poyamba ndifunse za moyo wanu. Kodi mwendo uja unasiya kutupa? Nanga mvula yagwa bwanji kumeneko chaka chino, chimanga chamasula? Amalume a Lyson ndi akunyumba kwawo ali bwanji? Ife kuno tilipo. Abambo chifuwa chokha ndiye sichikusintha. Akamachokera kusitolo amaima panjira kupuma, koma kudya akudya.

Kalatayi ndapatsira a Halidi, atelala a ku Mangochi amene amasoka pafupi ndi renki ya matakisi ku Rustenburg. Akupita kwawo kukaona ana, ndipo alonjeza kuti atsika pa Ulongwe akupatseni pamanja. Pobwerera adzadzeranso pomwepo kudzatenga yankho.

Amalume, ndikudziwa kuti ndinu mukuwawerengera Amayi. Chonde musadumphe mawu, ngakhale owawawo. Ndinayamba ndalemba papepala lina kenako n'kukopera apa, kuti ndisalakwitse.

Nkhani yoyamba ndi yabwino. Rozalia wakhoza mayeso a matiriki, amene ali ngati a Folomu 4 kwathuko. Wakhoza bwino kwambiri, makamaka masamu ndi sayansi. Dzina lake linatuluka m'nyuzipepala. Abambo anaigula n'kupita nayo pamtengo pamene amakhala ndi anzawo akale a kumgodi. Poti maso awo saona timalemba ting'onoting'ono, ankangoloza paliponse. Mnzawo wina, a Masauko, anawaseka, amvekere madala inu, chotsani chalacho, mukuloza mwana wa eni ake. Abambo anayankha kuti aikona, onse okhoza ndi anga. Tsiku limenelo tinaseka ndithu.

Koleji ina ya ku Pretoria yamutenga kuti akaphunzire ntchito ya ekisireyi, yojambula mafupa ndi mapapo. Anaisankha yekha. Akuti tsiku lina anaperekeza Abambo kuchipatala, anawaonetsa chithunzi cha chifuwa chawo chili mbuu, koma panalibe amene anawafotokozera zimene chikunena. Iye akufuna azidzawauza anthu.

Penshoni ya Abambo singakwanitse koleji, izo mukuzidziwa. Koma boma la kuno lili ndi basale ya ana omaliza matiriki. Aphunzitsi ake anatiuza kuti amafuna mwana wokhoza bwino, wochokera pakhomo losauka, komanso nzika ya dziko lino, wokhala ndi ID. Rozalia anapita ku ofesi ya basaleyo ndi aphunzitsiwo. Mayi amene anawapeza anaona zotsatira zake n'kumuyamikira, anafunsa za pakhomo n'kugwedeza mutu, kenako anatambasula dzanja kuti bweretsa ID. Rozalia analibe choti apereke.

Amayi, mukukumbukira mmene tinalowera muno chaka cha 1986, kumbuyo kwa lole, inu mutamufunditsa Rozalia chitenje kuti asatsokomole. Kuyambira pamenepo tilibe pepala lililonse. Mayeso omwewa analemba ndi kalata ya ahedi basi. Abambo anapeza ID yawo nthawi imene boma linalola anthu okhalitsa m'migodi kuti akhazikike, koma ife sitinalowemo, poti panalibe chosonyeza kumene tinabadwira ngakhale mmene tinalowera. Abambo apita ku ofesi ya boma kukafunsa. Awauza kuti njira yowongoka ilipo koma ndi yaitali, ya zaka, ndipo mapeto ake Rozalia adzangololedwa kukhala, osati kukhala nzika. Basale atseka kumapeto kwa Febuluwale. Malo a kukoleji nawo sadikira munthu.

Tsopano ndafika pamene ndakhala ndikuzengereza.

Akazi a Abambo a kuno munangomva mbiri yawo, simunawaonepo. Dzina lawo ndi Kedibone, kwawo ndi ku Bethanie. M'makalata anga sindinkawatchula poopa kukupwetekani mtima. Lero ndiwatchula. Inu mutabwerera kukadwazika Agogo, njira yobwerera kuno n'kutsekeka, iwo analowa m'nyumba muno Rozalia ali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Ine ndinali wamkulu kale, ndinkawazemba. Koma Rozalia ndi iwo amene ankamuluka tsitsi, kumusitira yunifolomu, kupita kumisonkhano ya makolo. Sanatimenyepo, sanatimanepo chakudya. Ndikanena zina ndinama.

Lachitatu lapitali tinali kuseri kwa nyumba tikuchapa, iwo n'kuyamba nkhani. Anati m'midzi ya kuno muli ana ambiri amene anabadwira pakhomo, sanalembedwe ali akhanda, ndipo amakalembetsa atakula. Pamafunika mayi akalumbire kuti mwanayu ndinabereka ndine, wachibale wachikulire achitire umboni, ndi kalata ya kusukulu. Anati iwo akhoza kukalumbira kuti Rozalia anamuberekera ku Bethanie, ndipo azakhali awo avomera kale kukaima nawo. Rozalia Chitswana amayankhula ngati mwini wake, palibe angamukayikire.

Ine ndinasiya kuchapa. Ndinafunsa ngati sakuopa kumangidwa. Anati akuopa, koma kuposa pamenepo akuopa kumuona mwana wa nzeru chonchi akukalamba akugulitsa tomato pageti ya mgodi.

Kenako ananena mawu amene ndikufuna muwamvetse bwino. Anati iwo sangalumbire bodza la tsiku limodzi, lokathera mu ofesi. Akakweza dzanja, ndiye kuti zatero mpaka kalekale. Adzapita naye Rozalia ku Bethanie, adzapha mbuzi, adzauza abale awo ndi makolo awo amene anagona kuti m'banja mwalowa mwana. Rozalia adzalembedwa dzina la bambo awo a a Kedibone, Modisane. Tsiku limene adzakwatiwe, okambirana za ukwati adzakhala alongo awo a a Kedibone, ndipo malowolo adzapita kumeneko. Amalume, apa ndiye pokhudza inu. Sindinafune kukubisirani.

Pali chinanso. Kuno mzimayi amamuitana ndi dzina la mwana wake, monga momwe timachitira kwathu. A Kedibone sanaberekepo. Imvi zayamba, koma ngakhale tiana ta mumsewu timangowaitana kuti Ausi Kedibone, kutanthauza achemwali, ngati mtsikana. Kutchalitchi anzawo onse ndi amake uje, amake uje, iwo okha ayi. Anandiuza akufinya malaya, osandiyang'ana, kuti zikatheka anthu azidzawaitana MmaRozalia, ndiye kuti Amake Rozalia. Sanabise kuti akulifuna dzinalo. Koma anati iwo si wakuba ana. Popanda mawu ochokera pakamwa panu sapita kulikonse, ngakhale basaleyo ipite.

Ndinakawafunsa Abambo. Anayamba kupukuta chipewa chawo chakale cha kumgodi, chimene sachivalanso. Kenako anati kuno ku Joni mwana ndi wa bambo, koma iwo sanabadwire ku Joni. Kwathu mwana ndi wa kuchikazi, mwini mbumba ndi a Lyson, iwo anangokhala mkamwini. Anati anakulandani kale zambiri, sangakulandeninso ichi osakufunsani. Ndinawapempha kuti alembe okha. Anati dzanja likunjenjemera. Si dzanja, Amayi, ndi manyazi.

Rozalia naye wakana kulemba. Akuti Chichewa chake chathawa, angakulembereni zoseketsa pa nkhani yosaseketsa. Koma ine ndikumuona. Yunifolomu anaichapa n'kuipinda, mabuku anawamanga ndi chingwe n'kuika pansi pa bedi. M'mawa amasesa pabwalo, akamaliza amasesanso pomwepo. Dzulo ndinamufunsa kuti iweyo ukufuna chiyani. Anandikalipira, amvekere Jestina usandifunse zimenezo, ndikati ndikufuna sukulu ndiye kuti ndawakana Amayi, ndikati ndikufuna Amayi ndiye kuti ndikhala ngati iwe. Atatero anagwira pakamwa n'kuyamba kulira, akupepesa.

Sindinakwiye. Ananena zoona. Ine ndinalekera Sitandade 5 pamene tinkachoka kumudzi, ndipo kuno sindinalowenso m'kalasi. Nditafika ndinali wamkulu, lilime linali litauma kale, ndikangotsegula pakamwa anthu amadziwa kuti ndine wobwera. N'chifukwa chake ku Rustenburg sindipitako. Apolisi amaima parenki n'kumafunsa mapepala. Dziko langa ndi mpanda uno, mpopi wa pakona ndi tchalitchi. Zovala za anthu a m'mahositelo a kumgodi amandibweretsera pakhomo, ndimachapa, amadzatenga. Madzulo ndimaona mabasi a kumgodi akudutsa, ndi utsi wa kufakitale ukupita kumene ukufuna. Kumudzi sindingabwere chifukwa Abambo afunika wowayang'anira, komanso ndikatuluka sindingalowenso.

A Kedibone anati akanakonda kutilembetsa tonse awiri, koma ine sizingatheke. Wa mu ofesi angandifunse funso limodzi lokha, zonse n'kuululika, n'kumupweteketsa ndi Rozalia yemwe. Ndiye khomo ili ndi la munthu mmodzi, ndipo latseguka pang'ono chabe.

Ndaganizira njira zina, musaone ngati ndathamangira iyi. Ndinaganiza zoti abwere kwathu akaphunzire kumeneko. Koma afika ndi satifiketi ya dziko lina, Chichewa chothyokathyoka, wopanda womulipirira. Ndinaganiza zoti adikire chaka. Aphunzitsi ake anati chaka chamawa funso lidzakhala lomweli. Ndinapita kwa abusa, iwo anati sangandiuze kuti bodza ndi labwino, komanso sangandiuze kuti mwana akhale pakhomo. Anangondipempherera.

Chimene ndikukupemphani n'cholemera. Mukavomera, papepala la boma mwana amene munamunyamula miyezi isanu ndi inayi adzakhala wa mayi wina. Akadzabwera kudzakuonani adzalowa ndi pasipoti ngati mlendo. Ndipo nkhaniyi siyenera kumveka. Kuno kuli anthu ambiri a ku Balaka, mawu amayenda ndi mabasi. Akadzamaliza maphunziro simudzatha kuimirira pagulu n'kunena kuti dokotala wa ekisireyi uja ndi wanga. Mudzangodziwa mumtima. A Halidi omwe sakudziwa zimene zili m'kalatamu. Mudzangowauza kuti kauzeni Jestina kuti inde, kapena kauzeni Jestina kuti ayi.

Mukakana, palibe adzakudani. A Kedibone anena okha kuti adzamva. Rozalia adzalira, kenako adzazolowera monga ndinazolowera ine. Koma Amayi, poti mwina mufuna kudziwa maganizo anga, ine amene sindikonda kuyankhula: ndikupempha muvomere. Sindikufuna azolowere.

Ndikudziwa kuti simunatisiye mwadala. Munati mukubwera mvula ikatha. Ndimakumbukira mmene munandigwirira paphewa pabasi paja, n'kunena kuti ndimuyang'anire mng'ono wanga. Ndamuyang'anira mmene ndikanathera. Apa pokha ndi pamene sindingathe ndekha.

Mundiperekere moni kwa Amalume ndi azakhali, kwa a Mariamu oyandikana nanu, ndi onse a kumpingo. Ndaika sopo ndi mafuta opaka mwendo m'kathumba kamene a Halidi atenga. Abambo akuti moni. Rozalia ali pambali panga pano, akuti ndilembe kuti amakumbukira nyimbo ija munkamuimbira pomusambitsa, mawu ena anaiwala koma kaimbidwe ayi.

Chomaliza. Kumudziko anthu amakuitanani kuti Amake Jestina, poti woyamba ndine. Dzina limenelo palibe akulipempha. Ine ndilibe pepala lililonse, la kuno ngakhale la kwathu, ndiye palibe ofesi imene ingandilembe kuti ndine wa munthu wina. Mukapereka mmodzi, mmodzi atsala.

Mulungu akusungeni, akupatseni mphamvu poyankha.

Ndine mwana wanu,
Jestina