Eya wanga anagwera pa funso lina

Lolemba, 3 Juni

Aimbanso a Wadi, amuna anga, kuchokera ku Joni. Ndathamangira pachulu cha kuseri kwa sukulu, poti kuno ku Katuli netiweki imapezeka pamenepo basi. Ukasuntha pang'ono, foni yagwira ya ku Mozambiki.

Vuto si kusamveka ayi. Mawu amamveka bwinobwino, koma amafika mochedwa. Ndikamayankha za chimanga, iwo amakhala ali kale pa nsapato za mwana wathu Sameer. Timayamba kulankhula limodzi, n'kusiya limodzi, n'kuyambanso limodzi. Mapeto ake akuti ndimawadula pakamwa. Ukwati wa pachulu wanditopetsa ine.

Lachitatu, 5 Juni

Kwabwera alamu anga Amida, mchemwali wa a Wadi. Kuseka kosatha, kuyamikira chilichonse mpaka mbuzi zanga zoonda zija. Akuti Lachisanu achimwene awo aimba ali ndi amalume awo ndi ashehe, pali nkhani. Ndati bwanji osangotumiza voisi noti, ija imafika yathunthu? Akuti nkhani zikuluzikulu zimafuna pakamwa ndi mboni.

Mtima sunakhale m'malo.

Lachisanu, 7 Juni



Aimba atatuluka mu mzikiti. Titapatsana moni, a Wadi akuti, "Mayi a Sameer, mukundimva?" Ine, "Eya." Zii. Ndiye ndakweza mawu, "Eya!" Apo m'pamene funso lenileni lafika m'khutu mwanga: "Mukuvomera kuti nditenge mkazi wachiwiri kuno?" Ndisanatsegule n'komwe pakamwa ndamva ashehe, "Alihamudulillah, avomera, kawiri konse." Amuna kuseka. Ndakuwa "Iyayi! Iyayi!" mpaka anyamata osewera mpira kuima n'kumandiyang'ana. Foni inali itaduka kale.

Ine ndimayankha zoti ndikumva. Pamene eya wanga amafika ku Joni, iwo anali atafunsa kale zinazo.

Loweruka, 8 Juni

Uthenga ndatumiza. Awerenga. Yankho palibe.

Lolemba, 10 Juni

Ndakwera kabaza mpaka ku Namwera, kumene foni sichita chibwibwi. Ndaimbira a Wadi, koma ayankha ndi amalume awo. Ndafotokoza zonse modekha, mwaulemu. Iwo akuti, "Mwanangu, anthu atatu tinamva ndi makutu athu. Mawu si mbuzi yoti n'kuibweza m'khola." Ndati mawuwo anachedwa m'njira, amalume. Akuti zimenezo ndikadandaule ku kampani ya mafoni. Ukwatiwo amanga Lachisanu likubwerali.

Ndalira pakhonde la golosale ya eni, anthu akudutsa. Njira yonse yobwerera ndimatukwana nsanja ya netiweki, ngati chitsulo chili ndi makutu.

Lachiwiri, 11 Juni

Sameer wafunsa ngati ababa ake abwera pa Idi. Ndamutuma kukatunga madzi.

Lachinayi, 13 Juni

Amida abwera panjinga ndi chitenje chatsopano, akuti achimwene akuthokoza mtima wanga wabwino. Ndachilandira ndi zala ziwiri. Pofuna kundiseketsa, pakamwa pawo paterereka: "Inu alamu, achimwene anandivutitsa sabata yatha! Kundikweza pachulu chija dzuwa lili pamutu, 'ukundimva, ukundimva,' mobwerezabwereza, ati aone kuti mawu akuchedwa bwanji..." Agwira pakamwa.

Kani anachita kuyeserera! Ine kutukwana chitsulo sabata yonse, pamene munthu anakhala pansi n'kuyeza pomwe eya wanga adzagwere. Zandiwawa kuposa za mkaziyo.

Sindinakuwe. Nyumba ino ili pamudzi pathu, pamalo a mayi anga. Ndalowa kuchipinda, ndalongedza malaya a amuna anga, nsapato, wailesi yawo yakufa, chitenje chomwe, zonse m'chikwama cha shangani. Ndamanga ndekha pakaliyala ya njinga ya Amida, ndi lamba wa mphira.

"Nanga alamu, ndikawauze chiyani?"

"Mukawauze kuti iyayi wanga uja wafika tsopano. Anangochedwa m'njira."