Mlatho Wouka Lachisanu Lililonse

Aphungu,

Ndathedwa nzeru. Ndimagwira ntchito ku ofesi ya mapu ya khonsolo. Masiku ano mapu athu sali papepala, ali m'kompyuta: msewu uliwonse, payipi, ngalande, mlatho, zonse zili m'nkhokwe. Vuto ndi loti nkhokwezo zilipo ziwiri. Ina ili kwa ife ku likulu, ina ili ku kaofesi ka tsidya lina la mtsinje, kumene netiweki imagwira munthu akakwera pampando pafupi ndi windo. Choncho Lachisanu lililonse timazilumikiza kuti zigawane zatsopano, yathu ipatse yawo, yawo ipatse yathu.

Mkulu wa kaofesi ka tsidyako ndi apongozi anga, bambo ake a mkazi wanga.

Pamene ndinkatchera makinawa, kompyuta inandifunsa kuti ofesi ziwirizi zikasintha chinthu chimodzi mosiyana, mawu a ndani azipambana. Aphungu, ine ndinaleredwa bwino. Ndikanalemba bwanji kuti mawu anga azigwetsa mawu a munthu amene anandipatsa mkazi? Ndinasankha kuti a tsidya azipambana nthawi zonse, ndipo tsiku limenelo ndinaweruka ndikuyenda monyang'wa.

Kenako mvula inakokolola mlatho wa kuseri kwa msika. Ndinaufufuta pa mapu. Lachisanu litafika, mlatho uja wabwerera. Ndinaufufutanso, Lachisanu linalo uli pompo. Anzanga mu ofesi anayamba kunena kuti mlathowo ndi wokhwima. Pambuyo pake ndinazindikira kuti ine ndikamaufufuta kuno, apongozi uko amakhala akuukonzakonza, ndiye poti mawu awo ndiwo amapambana, kufufuta kwanga kumangopita padera.

Lamulungu lina ndinawapeza pakhonde akumata chubu cha njinga. Ndinazungulira nkhani mpaka ndinalimba mtima.

"Bambo, paja mlatho uja unapita ndi madzi eti?"

"Unapita. Ndinauona ndi maso angawa."

"Nanga pa mapu paja..."

"Akamwini, ine ndinayamba ntchito m'khonsolo inu musanamere mano. Chinthu chikachoka pa mapu, chachokanso m'mitu mwa akuluakulu. Usiyeni pomwepo mpaka achite manyazi, aumangenso."

Ndinangoti, "Zoona, bambo," n'kuwagwirira njinga.

Sabata yatha dalaivala watsopano wa galimoto yopopa zimbudzi anatsata mapu athuwo pa foni, thanki ili yodzadza. Anangozindikira msewu wathera m'madzi. Anaima mwamwayi, n'chifukwa chake tsopano timamutchula kuti Mabuleki. Koma pobwerera m'mbuyo matayala anatitimira m'matope, pakhomo penipeni pa saluni, ndipo galimotoyo inaswera pamenepo dzuwa likuswa mtengo. Mwini saluni anabwera ku ofesi kwathu ndi makasitomala ake, ena mitu ili yoluka theka. Zimene anatinena sindingazilembe m'nyuzi.

Bwana anandiitana. "Pofika Lolemba undibweretsere njira yolumikizira nkhokwezi. Mlatho uja ukadzaukanso, iwe ndi mlathowo mudzapitira limodzi." Bwanawo akufuna kuti likulu lokha lizilemba, a tsidya azingolandira. Nditamuuza mkazi wanga anayankha osatembenuka n'komwe: "Mukawamanga manja bambo anga, muzikagona ku ofesi konko, muzikafunda mapu anuwo."

Ntchito ndikuifuna, mkazi ndikumufunanso. Ndisankhe njira iti?

T.D., wa tsidya lino

Okondedwa T.D.,

Ulemu ndi wabwino, koma inu mwaupaka mpaka pa kompyuta. Makinawo sanakufunseni kuti wamkulu ndani. Anakufunsani kuti zoona zizichokera kuti, ndipo inu munayankha funso lina. Nkhani ya saluni yandiseketsa, sindikana. Koma Mabuleki akanachedwa pang'ono kuponda, bwenzi kalata yanuyi ili yonena za maliro. Mwafuna kusangalatsa aliyense, ndipo mukudziwa kuti mapanga awiri avumbwitsa.

Njira ya bwana wanu, yoti zinthu zizingotsika kuchokera ku likulu ngati madzi a paphiri, si yoipa. Ndi yoyenera anthu amene ntchito yawo ndi kuwerenga mapu basi, monga madalaivala. Amenewo apatseni imeneyo. Koma kwa a tsidya siyingathandize. Iwo ndiwo amayenda pansi, ndiwo amaona payipi ikaphulika. Mukawaletsa kulemba, pakatha miyezi ingapo mapu anu adzakhala akunena mbiri yakale. Mkazi wanu walankhula mwaukali, koma sanalakwe.

Njira yomwe muli nayo panoyi, yopatsana uku ndi uku, imafuna netiweki yodalirika komanso anthu otha kuuzana kuti apa mwalakwitsa. Inu zonse ziwiri mulibe.

Ndiye tengani njira yobwereka. Apongozi akamayamba ntchito, azikopa m'nkhokwe ya ku likulu chigawo chawo chokha. Azikachigwirira ntchito uko popanda netiweki, kenako azichibweza. Munthu akabweza wilibala timayamba taona tayala tisanailowetse m'nyumba. Chimodzimodzi apa: zosintha zawo ziziyamba zaonedwa zisanalowe m'nkhokwe yaikulu. Pamene mwasiyana, makina asamasankhe okha. Aziima, inu awiri muone. Lamulo likhale loti wopambana ndi amene waima pamalopo n'kujambula chithunzi. Nthawi zambiri ameneyo adzakhala apongozi anu omwewo, ndipo adzapambana chifukwa cha nsapato zawo zafumbi, osati chifukwa cha imvi. Musanasinthe chilichonse, sungani kope ya nkhokwe zonse ziwiri pambali, chifukwa anthu ambiri alirira tsiku losamuka.

Pa za mlatho, nonse mwakhoza theka. Inu mukufuna dalaivala asagwere m'madzi, iwo akufuna akuluakulu asaiwale. Ndani anakuuzani kuti chinthu pa mapu chimangokhalapo kapena kufufutika? Usiyeni mlathowo, koma muulembe kuti unakokoloka, sudutsika, ndipo uzioneka wofiira. Foni ya Mabuleki izimulambalalitsa, pomwe akuluakulu akatsegula mapu pamsonkhano uziwatosa m'maso. Bwana wanu muwafotokozere zimenezi Lolemba m'mawa, asanakufunseni.

Chenjezo langa ndi ili. Ndakuonani m'kalata yanu, ndinu munthu woopa nkhope. Mukuganiza kale zongosintha makinawo mwakachetechete kuti zidziwike zokha. Musayerekeze. Pitani kwa apongozi Loweruka lino, mutengane ndi mkazi wanu, mukawauze ndi pakamwa panu kuti mlatho wawo mwaupezera mtundu woti aliyense auone, ndipo kuti kuyambira pano chigawo chawo chizidutsa m'manja mwanu. Mukapanda kutero, adzakwera pampando paja pamaso pa antchito awo onse, ndipo kompyuta ndiyo idzawauze kuti alibenso chilolezo. Imeneyo sivula chipewa polankhula ndi akuluakulu, ndipo madzulo ake mlandu wake mudzakauyankha ndinu, kunyumba.

Aphungu