Sindine Mbewa Yako

Toronto
Novembala

Okondedwa Amayi,

Muli bwanji kumeneko? Bondo lija likuti chiyani ndi kuzizira kwayambaku? Ine ndili bwino, kungoti tulo tachepa. Ndasankha kulemba chifukwa pa foni mumangoti "ee, ee" ngakhale simunamve, ndipo nkhani iyi ndikufuna muimve yonse.

Kuno chipale chofewa chayamba kugwa. Chotenthetsera m'nyumba chinafanso, mwininyumba akungoti abwera mawa, mawa lake losafika. Ndikugona nditavala juzi munandilukira ija, ndiye musadandaule.

Mwina alamu anga a Marina akuuzani kale kuti ine ndi achimwene a Eldred tinayambana pa foni. Ndinawapempha kuti alole madokotala a kuchipatala cha ku St. John's ayeze kachidutswa ka chotupa kamene anawadula m'njira ya ndulu, aone kuti ndi majini ati amene anasokonekera. Majini ndi timalangizo ta m'thupi, timene timauza kamnofu kalikonse kuti kakule liti, kaleke liti. Achimwene sanandilole n'kumaliza komwe. Anati, "Iwe mbusa wa mbewa, sindine mbewa yako. Ukayeze zako za m'makolazo." Foni n'kudula.

Mukundidziwa, Amayi, ndinapsa mtima. Ndinati awa ndi makani a malemu bambo basi, munthu maso achita kuyezuka ndi chikasu koma akuti palibe vuto. Ndinakhala masiku osawaimbira.

Kenako alamu anandiimbira ali m'galimoto, kuti mwini wake asamve. Akuti achimwene sakuopa za iwo eni, akuopera ana. Anamva mawu oti majini, basi anaganiza kuti zikapezeka ndiye kuti anapatsira Shauna ndi Corinne. Akuti anawauza alamu kuti Shauna ukwati wake ndi wa mu Julaye, sangamuike chizindikiro pamphumi mwana akukalowa m'banja, bola afe osadziwa. Nditamva zimenezo ndinalira, ndipo ndinachita manyazi kuti ndimawanena makani.

Ndiye tamverani, Amayi, chifukwa apa pokha ndi pamene ntchito yanga ingathandize banja lathu.

Zaka zonsezi ntchito yanga ndi kudwalitsa mbewa khansa yomweyi ya m'njira ya ndulu, kuti tione mmene imayambira. Ikanakhala yongopatsirana kuchokera kwa kholo, bwenzi ndikungokweretsa mbewa n'kukhala pansi kumwa tiyi. Koma ayi. Mbewa iliyonse timachita kuibaya kumchira, majini osokonekerawo n'kukafika kuchiwindi, ndipo amakhala komweko. Chaka chatha mnzanga Priyanka anaphonya, anaika yaimuna m'khola la zazikazi zobayidwa kale. Tinangoona tiana tofiira mbwee m'chisa. Abwana anakalipa, koma tianato tinatiyeza tonse, ndipo panalibe ndi kamodzi komwe kamene kanatengera. Amayi awo anadwala, ana anakula bwinobwino.

Kwa anthu, kawirikawiri zimakhalanso choncho. Chimasokonekera ndi kamnofu ka pamalo pomwepo, munthu atakula kale, osati mbewu yake. Sindikunamizani, alipo ochepa amene amabadwa nacho, koma kudziwa zimenezo ndi kuyeza kwina, ndipo achimwene angathe kuwauza madokotala kuti kumeneko sakufuna. Chimene ndikupempha ine chikukhudza chotupa chokha. Sawadulanso, kachidutswako kali kale kuchipatala. Chikusowa ndi "inde" wawo basi.

Komanso sindikufuna muyembekezere zazikulu. Alipo mankhwala akumwa amene amagwira chotupa ngati majini osokonekerawo ali a mtundu wina wake. Si onse amapezeka ndi majini a mtundu umenewo, ambiri sapezeka nawo. Ngakhale kwa amene apezeka nawo, mankhwalawo sachiritsa, amangobweza matenda m'mbuyo. Mbewa zanga zikamwa mankhwalawa zimayamba kudya, kuthamanga, kenako chotupa chimapeza njira ina n'kubwerera, ndipo chifukwa chake n'chimene tikufufuza mpaka lero. Koma miyezi ndi miyezi, Amayi. Kuchoka pano kukafika Julaye si pafupi kwa munthu wodwala chonchi.

Mbewa imabisa ululu. Timadziwira pa chisa. Timaiponyera kathonje m'khola, ikakhala bwino imakang'amba n'kumanga, ikadwala imangokasiya pomwe kagwera. Alamu atandiuza kuti miono ya nkhanu ili mulu kuseri kwa shedi chiitulutsireni m'boti, palibe ndi umodzi womwe wasokedwa, ndinadziwa kuti "ndili bwino" wa achimwene ndi wapakamwa. Sabata imeneyo ndinalephera kugwira mbewa zodwala kwambiri, zija timazigoneka tulo tosadzukanso kuti zisavutike. Priyanka anandichitira, osandifunsa kanthu.

Pempho langa ndi limodzi. Lamlungu mukaweruka ku tchalitchi, dzerani kwawo. Muwapeze ku shedi ali okha, osati patebulo ana ali pomwepo. Inu ndinu nokha amene sangakutsekereni chitseko. Muwafotokozere za tiana ta mbewa tija m'mawu anu, ndipo dzina langa musalitchule msanga, angakwiye musanafike pakati. Muchite asanakaonane ndi dokotala mwezi wamawa, chifukwa zotsatira za zoyezazo zimatenga nthawi kuti zibwere.

Akakanabe, musawakakamize, thupi ndi lawo. Ine ndidzakwiya ndekha kuno, zidzatha. Koma chimodzi chokha musachoke musanawauze: asamayang'ane ana awo ngati anawalakwira. Alamu akuti Corinne akalowa m'chipinda, bambo ake amatembenukira kukhoma, ndipo mwanayo anafunsa mayi ake kuti walakwa chiyani. Zimenezo ndiye zikundipweteka kuposa chotupacho.

Mundiperekere moni kwa azakhali a Vina, muwauze kuti jamu uja anafika botolo lili lamphumphu. Moni kwa amalume a Leander, kwa alamu anga, ndi kwa Shauna ndi Corinne. Achimwene muwauze kuti pa Khirisimasi ndikubwera, andilankhule asandilankhule, ndidzakhala pampando wa pafupi ndi mbaula mpaka atope nane.

Ndatha ine mwana wanu wokusowani,
Glenys