Timapiritsi ta mawondo tija

Achemwali,

Ndangofika kumene kuchokera kuchipatala. Ndakhala pa benchi kuyambira m'mawa mpaka matako kuchita dzanzi, kenako n'kukalipiridwa ndi dokotala wamsinkhu wa mwana wanga wachitatu. Pano ndikulemba mwendo uli pamwamba pa ndowa, chala chachikulu chili m'bandeji. Pepani, moni ndadumpha. Muli bwanji kumeneko? Alamu chifuwa chija chinawasiya?

Milungu itatu yapitayi ndinaponda msomali kuntchito, mushedi mopalira matabwa. Ndinauzula, n'kutsuka ndi madzi amchere, basi. Balalo silinatupe, silinatenthe, kupweteka kwake kunali kwa masewera. Ndinkadzitama kwa anzanga kuti magazi akwathu ndi olimba. Dzulo povula nsapato, mnzanga wa pa makina ochekera anagwira mphuno n'kundifunsa ngati ndikuweta khoswe wakufa m'sokosi. Ndi iyeyo anandikakamiza kupita.

Dokotalayo asanaone n'komwe phazi, anayang'ana nkhope yanga n'kufunsa mankhwala amene ndimamwa. Ndinatulutsa timapiritsi toyera ta mawondo, timene ndimagula kwa bambo wa pamsika wokulunga m'timapepala. Tomwe tija ndinakutumizirani chaka chatha. Akuti masaya angawa si kunenepa ayi, ndi timapiritsito. Ine ndinkayesa tauni yayamba kundiyanja ku ukalamba kuno.

Sukulu mukudziwa pamene ndinalekera, koma zimene anafotokoza ndinazimva. Akuti m'magazi muli maselo oyera, asilikali a thupi. Munthu ukavulala amatuluka m'mitsempha n'kukhamukira pabalapo. Kutupa kuja, kutentha kuja, ndi iwowo ali pa ntchito. Ndiye thupi lili ndi mankhwala akeake, amati mahomoni. Ena amachokera pamwamba pa impso, ndipo ndi amene amauza asilikaliwo kuti zakwana, bwezani moto. Timapiritsi tathuti ndi chinthu chomwecho, koma chopanga anthu, komanso champhamvu mopitirira. N'chifukwa chake mawondo ankaphwa. Koma zaka ziwiri zonsezi asilikali anga akhala akungouzidwa kuti khalani pansi. Atandiyeza magazi anati alimo ambirimbiri, kungoti akungozungulira m'mitsempha, pabalapo akufikapo ochepa. Ndinati ndiye ali ngati ife abwana akatuluka. Sanaseke.

Anangoti, "Bambo, munthu womwa izi, bala lake likakhala chete m'pamene ife timaopa."

Chalachi achionanso Lachisanu, kuti chitsala kapena achidula. Chikapita chipite, ndatsala nazo zisanu ndi zinayi ndipo sindivina. Chimene chandigwiritsa cholembera ndi kalata yanu ya mwezi watha. Munalemba kuti khasu linakutemani pa msongolo, ndipo balalo silikupola koma silikutupa, silikuvutitsani, n'kundithokoza chifukwa cha timapiritsi. Ndinaiwerenga ndikumwetulira, mpaka ndinawerengera alamu anu kuno. Lero pa benchi paja ndimangoganiza za mwendo wanuwo. Ndine ndinakutumizirani zinthu zimenezi, palibe wina woti ndimuloze chala.

Pempho langa ndi limodzi. Kalatayi ikangofika, pitani kuchipatala mukaonetse balalo, ndipo timapiritsito mutenge ndi kapepala kake komwe. Muwauze zoona, kuti mwamwa miyezi ingati, tingati patsiku. Koma musatitaye m'chimbudzi chifukwa cha mantha. Ine ndinafuna kutero, dokotala anandiletsa. Akuti thupi likazolowera kulandira za kunja limachita ulesi kupanga zake, ndiye ukasiya tsiku limodzi ukhoza kugwa osadzukanso. Achipatala amachepetsa okha pang'onopang'ono.

Ndimakudziwani, achemwali. Munena kuti mupita mukamaliza kupalira. Munena kuti mwathirapo kale phulusa. Munda suthawa. Ndikudziwanso kuti dzanja lanu silisunga kanthu, ndiye amayi a kutchalitchi amene munawagawirako muwauze zomwezi, ngakhale zichititse manyazi. Munene kuti wolakwa ndi mlongo wanu wa kutauni, ine sindidandaula.

Mawondo ayambiranso kupweteka, zimenezo asakunamizeni. Anga nawonso sachedwa kundikumbutsa. Koma bondo lopweteka munthu umayenda nalo.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa azakhali ngati akumvabe, kwa ana onse ndi zidzukulu. Poyankha mundilembere zimene akuuzani achipatala, osati zimene mukufuna kuti ine ndimve.

Ndilekere pompa. Alamu anu aitana kawiri, chakudya chikuzizira, ndipo mankhwala atsopanowa akuti osamwa m'mimba muli mopanda kanthu.

Ndine mlongo wanu,
wa kumatabwa