Ameta ndevu za kapeti ya eni ake

Lachisanu, Okutobala. Kwatentha, mtima uli m'mwamba.

Nafika kunyumba pa Silverest kuchokera kunchito, napeza apongozi anga akumwetulira, sizasi ili m'manja. "Atate ake Tiwonge, nameta ndevu za kapeti yanu, zinali kukola fumbi."

Kapetiyo ni ya ba landilodi, yoluka pamanja ku Iran. Dzulo lomweli ninaitembenuza ngati profesa, kuonetsa mkazi wanga mfundo zosalingana zakumbuyo, umboni woti si ya makina. Ndevu zolendewera m'mphepetezo si zokongoletsa ayi, ni ulusi womwe wagwira mfundo zonse. Mzere woyamba wayamba kale kumasuka.

Apongozi sadzudzulidwa. Nanyonyomala, naomba m'manja, nati zikomo amayi.

Ba landilodi abwera mawa kudzaona nyumba. Mbali yometedwa naibisa pansi pa sofa. Inayo amayi akuti adzamaliza m'mamawa, ndipo sizasi alowa nayo kuchipinda kwao...