Minggus ndi Thambo Losayankha

Lelogama,
Lamulungu, titaweruka kutchalitchi.

Okondedwa achimwene anga Melkias,

Landirani moni m'dzina la Ambuye. Muli bwanji kumeneko ku Sabah, kutsidya la nyanja? Msana uja unasiya, kapena mukungolimba nawo mtima m'minda ya eni akeyo? Nanga alamu anga a Yumina ndi ana akudzuka bwanji? Kuno tilipo. Amayi maondo akuwavutabe, koma ndi ndodo amafika kutchalitchi. Mvula inadula msanga chaka chino, moti chimanga tapeza chochepa. Ng'ombe yanu yothyoka nyanga ija inaswa yaikazi.

Kalatayi ndapatsira a Yunus amene akubwerera kuntchito kumeneko. Nkhani ndili nayoyi si ya pafoni. Pafoni mawu amadukaduka, komanso amayi amakhala ali pambali panga, khutu lili tcheru. Pezani pokhala musanapitirize kuwerenga. Ndi za mng'ono wanu Minggus ndi mkazi wake Orpa.

Mukukumbukira mmene tinanyadira atabwerako kusukulu ku Bandung n'kupeza ntchito paphiri, kunyumba ya makina oonera nyenyezi ija. Mwana woti ankathamangitsa akavalo a malemu bambo pa udzu womwewo, lero n'kumalowa m'nyumba imene denga lake limatseguka lokha! Amayi ankauza aliyense kumsika kuti mwana wawo ndi mlonda wa kumwamba. Atakwatira Orpa, mwana wa a Nahor Tefa a ku Soe, anakakhala m'nyumba za antchito kumtunda komweko, ndipo chaka chisanathe Orpa anaima.

Zinayamba ndi nkhani imene anzake onse anaisangalalira. Akuti akatswiri a kunja anaona, mumpweya wa dziko lina lakutali kwambiri, chizindikiro choti mwina kumeneko kuli tizamoyo ting'onoting'ono tonga ndere za m'madzi. Mwina, osati ndithu. Komabe kuphiri anaotcha nkhumba n'kuitana ndi ife akumudzi omwe. Nditafika ndinapeza anthu akuvina, Minggus ali yekha kuseri kwa thanki ya madzi, mbale ili pamwendo, nyama itachita kuuma mafuta.

Ndinayamba kumuseka. Ndinati, “Iwe, anzako apeza achibale kumwamba, iwe wakwinya nkhope ngati achibalewo akubwera kudzagona kwanu?” Sanaseke. Anangoti, “Achemwali, pempherani kuti akatswiriwo akhale atalakwitsa.”

Ndilemba mmene ndinamvera ine, mphunzitsi wa tiana ta pulayimale. Akuti nyenyezi n'zochuluka kuposa mchenga wa kugombe la Kupang, zambiri zili ndi maiko ozizungulira, ndipo ena mwa maikowo ndi akalekale kuposa lathuli. Anthu akhala akutchera makutu a makina kwa zaka ndi zaka, koma kumwamba kuli zii.

Anati, “Tiyerekeze kuti lero ndi tsiku la msika. Midzi ndi yosawerengeka, ndipo njira zonse zikupita kumsikako. Inu mwanyamuka mochedwa. Mukuyenda, koma simukumva phokoso kutsogolo, simukukumana ndi wobwerako, pansi palibe ngakhale phazi la munthu. Mungaganize chiyani?” Ine ndinati ndingaganize kuti ndasokoneza tsiku. Iye anati, “Ayi. Ndiye kuti penapake pali mtsinje umene ukukokolola aliyense.”

Akuti funso ndi lakuti, kodi mtsinjewo tinaoloka kale kapena tikuulondola? Ngati moyo uli wovuta kuyamba, ndiye kuti m'midzi inayo simunabadwepo munthu, ife tokha tinapulumuka pachiyambi pomwe, ndipo tikhoza kugona tulo. Koma zikapezeka kuti tizamoyo tili paliponse, ndiye kuti midzi yonse ili ndi anthu, onse amanyamuka, ndipo palibe amene amafika. Pamenepo mtsinje uli kutsogolo kwathu.

Ndinamuuza kuti adye nyamayo isanagwidwe ndi agalu. Ndinkayesa ndi macheza a anthu ophunzira.

Kuyambira pamenepo, akatsika Lamulungu kudzaona amayi, lamba amakhala ataboola bowo lina. Nkhani yake inali imodzimodzi. Tsiku lina anauza amayi kuti thambo likutambasuka, magulu a nyenyezi akutali akutithawa, ndipo idzafika nthawi imene okhala pansi pano adzayang'ana kumwamba n'kuona mdima wokhawokha, osadziwa n'komwe kuti kunali china chilichonse. Amayi analavula pinang wawo, mtedza wathu wotafuna uja, malovu ofiira psuu, n'kufunsa kuti, “Nanga iwe udzakhalapo nthawi imeneyo?” Atayankha kuti ayi, anati, “Ndiye kanditungire madzi, poti lero ulipo.”

Tsiku linanso anati mwina kumwambako aliko, koma akhala chete dala, ngati nkhuku zikaona mthunzi wa kabawi, ndipo ife tokha ndiye tambala wopusa amene akulira pamtetete. Ananenanso kuti pali mtundu wina wa mapeto umene ungabwere mwa liwiro la kuwala, moti munthu sangauone ukubwera, supuni ili m'mwamba, basi kwatha. Zimenezi ankazikamba tikudya, Orpa ali pomwepo atagwira mimba yake.

Ndinapempha abusa athu, mayi Kase, kuti acheze naye. Anawalandira mwaulemu. Anawauza kuti iye sakukangana ndi Mulungu, koma akuchita mantha. Anati, “Abusa, mutalowa m'nyumba yaikulu, zipinda zosatha kuwerenga, nyale zikuyaka monse, koma mulibe munthu, simungafunse kuti anthu a muno anapita kuti?” Potuluka abusa anandikokera pambali n'kundiuza kuti pemphero lokha silikwana, mnyamatayu akudwala maganizo, akaonane ndi dokotala. Minggus anakana. Anati masamu si matenda. Amayi nawo ankafuna kukapha nkhuku pa mwala wa makolo, koma anaopa maso a mpingo.

Mimba itakula, makolo a Orpa anabwera kuchokera ku Soe kuti tichite pemphero lothokoza. Tinaphika, tinayala mphasa pansi pa mtengo wa bwemba uja, tinagawana pinang, zonse zili bwino. A Nahor, mukuwadziwa ndi nthabwala zawo, anamenya Minggus paphewa n'kunena kuti, “Mkamwini, tiuze, mdzukulu wangayu adzawerenga nyenyezi ngati bambo wake, kapena ng'ombe ngati agogo ake? Ng'ombe zili bwino, zimadyeka!” Anthu anaseka. Minggus anayang'ana pansi n'kunena motsitsa, koma tonse tinamva: “Bambo, nthawi zina ndimaganiza kuti amwayi ndi amene sanabadwe.”

Achimwene, amayi ake a Orpa anagwetsa kadengu ka pinang. Orpa anadzuka movutikira n'kupita kuseri kwa nyumba. A Nahor anapukuta m'manja, n'kuuza akazi awo kuti atenge zikwama. Anachoka chakudya chili pamoto.

Sipanapite nthawi yaitali. M'mawa wina Orpa anagwa akuyanika zovala, n'kuyamba kuphupha. Minggus anali m'tulo, poti ntchito yawo amagona masana. Amene anamupeza Orpa ndi mkazi wa mnzake wa Minggus wa khomo loyandikana, ndiye anakuwa. Galimoto ya kuntchito inawanyamula, inadzanditenga ine panjira, koma msewu wathu mukuudziwa. Tinafika kuchipatala ku Kupang dzuwa litapendeka.

Madokotala anayesetsa, Orpa anamupulumutsa. Mwana anabadwa atapita kale. Anali wamkazi, watsitsi lambiri, chibwano ngati cha amayi.

Mawa lake dokotala anatiitana pafupi ndi bedi. Anati magazi a Orpa anali atathamanga kwa nthawi ndithu, n'kufunsa Minggus ngati mkazi wake ankadandaula mutu, kapena kuona zinthu mwachimbuuzi, kapena kutupa miyendo. Minggus anati sakudziwa. Tonse tinkayesa Orpa ali m'tulo, koma analankhula maso ali chitsinzinire. Anati, “Ndinakuuza. Ndinakuuza kuti mutu ukung'ambika. Ndinakuonetsa kuti mphete yakana kuvuka. Unati ndimwe madzi ambiri, maso ako ali pa kompyuta.” Sanakweze mawu, ndipo bwenzi zili bwino akanakalipa.

Mwanayo tinamuika kuno, pafupi ndi bambo. Orpa sanaone manda a mwana wake. Atangomutulutsa m'chipatala, abale ake anamutengera ku Soe. Kumeneko akunena poyera kuti Minggus anapha mwana ndi pakamwa pake, kuti anamutemberera pamaso pa anthu. Kuno nakonso ena akunong'ona zomwezo. Ena akuti kuphiri kuja anasuzumira zimene munthu sayenera kuona. Kumsika ndikafika pagulu nkhani imasintha.

Patatha masiku ndinamupeza Minggus atakhala pamanda paja, dzuwa likuswa mtengo, alibe chipewa. Ndinamuuza kuti asamvere zonena anthu, mawu sapha mwana. Anati, “Ndikudziwa, achemwali. Si pakamwa panga. Bola pakanakhala pakamwa. Ndi makutu angawa.”

Kuntchito anamupatsa tchuthi, ndipo anzake amabwera kudzamuona, sindingawanamizire. Koma iye amangokhala m'nyumba yaudzu ya amayi, mu utsi, pansi pa chimanga chopachika kudenga. Za nyenyezi anasiyiratu kukamba. Poyamba ndinkapemphera kuti asiye, lero ndikulakalaka atanenako ngakhale za mtsinje wake uja. Akadya ndiye kuti amayi alira. Ndikuuzeni chimene sindinauze wina aliyense: zingwe zonse za ng'ombe ndinakazisungitsa kwa aneba, ndipo mankhwala ophera udzu ndinakawatsekera m'kabati ya kusukulu. Sananene kanthu koopsa ayi, koma maso ake sindikuwakhulupirira.

Mwezi wathawu ndinamukakamiza kuti tipite ku Soe. Anatilandira pakhonde, osatilowetsa m'nyumba. Tinakhala mpaka miyendo kuchita dzanzi, kadengu ka pinang osatuluka. Inu mukudziwa tanthauzo lake: mlendo wosapatsidwa pinang ndi mlendo wosafunidwa. Kenako a Nahor anabwera n'kuima chiimire. Minggus anagwada kuti alankhule, koma iwo anakweza dzanja. Anati, “Ndi munthu wocheza ndi nyenyezi ndilibe naye mawu. Inunso aphunzitsi ndimakulemekezani, koma nkhani ya mwambo sindingakambe ndi mlongo wake. Bambo wawo anamwalira, chabwino. Nanga mkulu wawo ali kuti? Abwere akhale pamphasa, tione ngati ukwatiwu ulipo kapena watha. Mvula yobzalira ikagwa asanabwere, ndidzadziwa kuti kwanuko mwatitaya, ndipo mwana wanga sadzapondakonso.”

Tikutuluka, mng'ono wake wa Orpa anandikodola kuti ndidzere kukhitchini. Ndinamupeza Orpa atakhala pafupi ndi moto, atafunda nsalu, wawonda ngati si yemwe uja. Mawu ake oyamba anali akuti, “Alamu, akudya?” Ndinanama kuti akudya. Anati iye sakhulupirira zoti anatembereredwa, ndipo sakumuda mwamuna wake, koma akumuopa. Anati, “Miyezi yonse ija ndinkagona ndi munthu amene anali kale pamaliro. Sanagwirepo mimba yanga kuti amve mwana akusuntha. Sanatchulepo dzina ngakhale limodzi. Mukamufunse ngati anali nalo dzina. Ngati analibe, abale anu asavutike n'kubwera.”

Minggus ndinamufunsa tili m'basi pobwerera. Anatembenukira kuwindo, mapewa n'kuyamba kugwedezeka. Aka kanali koyamba kumuona akulira chichitikireni zonsezi. Anati dzina anali nalo kuyambira mwezi woyamba, Adriana, dzina la amayi, koma ankaopa kulitchula, poganiza kuti akalitchula amukonda mwanayo, ndipo akamukonda sadzapirira kudziwa kumene dziko likupita. Anthu m'basimo ankangotiyang'ana. Ine ndinamufunditsa nsalu yanga kumutu ngati kamwana.

Dzinalo sindinakamuuze Orpa. Si ine woyenera kulinena. Ayenera kukalinena yekha, ndipo pakhomo paja sangalowe popanda inu.

Ndiye pempho langa ndi limeneli, achimwene: bwerani. Ndikudziwa kuti akapitawo sakonda kupereka tchuthi nthawi yokolola, ndikudziwanso kuti munalumbira kuti simudzabwera chimanjamanja. Lumbiro limenelo lisiyeni. Sitikufuna nsapato, sitikufuna wailesi. Tikufuna munthu wokhala pamphasa ya a Tefa, ndi munthu woti agwire Minggus padzanja n'kupita naye kwa dokotala ku Kupang. Ine amandikana mwaulemu, amayi amawakana mwachifundo, koma inu sanayambe wakukanani chibadwire. Mitambo yayamba kale kusonkhana kumadzulo, ndipo anthu akusula makasu.

Iye sakudziwa zonse zimene ndalemba muno. Dzulo ndinangomuuza kuti a Yunus akunyamuka, ngati ali ndi mawu opita kwa inu. Ndinayamba kudzuka kuti ndizipita. Kenako anati, “Muwauze kuti manda ndinakumba ndekha. Ndinakumba mowongoka, ngati mmene anandiphunzitsira pa maliro a bambo.”

Mundiperekere moni kwa alamu anga a Yumina, muwauze kuti andikhululukire powalanda mwamuna nthawi ya ntchito. Ana muwapsompsone m'malo mwanga. Moni kwa onse akwathu amene muli nawo kumeneko, koma nkhaniyi ikhale ya inu awiri. Amayi akuti muvale zofunda m'sitima, mphepo ya panyanja si yabwino. Iwo atsimikiza kale kuti mukubwera, ndipo ine sindinawatsutse.

Ambuye akusungeni, akutsegulireni njira, akufikitseni mvula isanagwe.

Ndine mlongo wanu,
Yosina Nenobais